Fomu ya Mayi Namaona

Ana anga, mutu uno ndinaudumpha dala. Ndinalemba za kwathu ku Ntcheu, ndinalemba za ukwati wanga ndi amayi anu, kenaka ndinalumphira pa tsiku londitsanzika pa ntchito, ngati kuti zaka zonse za ku Phalombe ndinangokhala ndikudya nandolo. Amayi anu atamaliza kuwerenga makope aja anavula magalasi n'kundifunsa funso limodzi: "Nanga Mayi Namaona ali pa tsamba liti?" Ndiye ndabwerera m'mbuyo kuti ndiwalembe.

1994: Kuchoka pa tebulo la kalaliki

Ntchito ya boma ndinayamba ngati kalaliki m'makhoti amakolo, aja anthu ankangowatchula kuti makhoti a mafumu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndinakhala ndikulemba zisamani, kumanga mafayilo ndi kuitana mayina pakhomo. Sukulu ndinalekezera Fomu 2. M'makhoti amenewo loya sankapondamo, ndipo panalibe wofunsa kuti zimene zagamulidwazi zachokera pa ndime iti ya lamulo. Ankangofuna kuti dzanja lako lizilemba zowerengeka, pakamwa pako pazikhala potseka. Matipate atabwera, makhoti aja anathetsedwa. Anzanga ena anauzidwa kuti azikalima kwawo. Ena tinasankhidwa, kutumizidwa ku kosi ya miyezi yowerengeka, n'kutulukako tili ndi dzina la majisitireti wa giredi yotsika. Aphunzitsi a pa kosiyo ankalankhula Chingerezi chothamanga, ndipo ine pa mawu asanu ndinkatolapo awiri. Mayeso ndinakhoza, koma mumtima ndinkadziwa kuti ndawoloka mtsinje nditagwira mchira wa ng'ombe ya eni.

Ananditumiza ku khoti lina laling'ono kuseri kwa phiri la Michesi. Nthawiyo dera la Phalombe linali lisanakhale boma palokha, zonse tinkakatenga ku Mulanje. Nyumba ya khotiyo inali ya zipinda ziwiri. Malata ankadontha ndendende pomwe pamaima mboni, moti mvula ikagwa munthu ankalumbira atagwira Baibulo dzanja lina, ambulera dzanja lina. Kudenga kunali mileme. Taipilaita inali imodzi, pepala la kaboni tinkaligwiritsa ntchito mpaka litayera, ndipo mapepala akatha tinkalemba kuseri kwa zisamani zakale. Buku la malamulo a milandu linali lothothoka masamba apakati. Dzinja likafika, dothi la makande la m'chigwamo linkakakamira ku matayala mpaka osazungulira, moti apolisi ankafika ndi oimbidwa milandu dzuwa lili paliwombo, njinga zili pamapewa. Koma chondisautsa kwambiri chinali chilankhulo. Achinyamata ankalankhula Chichewa, koma akuluakulu ambiri, makamaka aja anathawa nkhondo ku Mozambique n'kukwatira kuno, mlandu ukafika pothina ankatembenukira ku Chilomwe, ine n'kungotsala kukamwa kuli yasa.

Kumeneko ndi komwe ndinakumana ndi Mayi Esinati Namaona. Anali kalaliki wa khotilo, womasulira komanso wotaipa, ntchito zitatu pa munthu mmodzi. Kwawo kunali kwa Kaduya. Amuna awo anali atamwalira n'kuwasiyira ana awiri, ndipo mayeso a Fomu 4 analemba ali kale pa ntchito, akuwerenga pa nthawi ya nkhomaliro. Tsiku loyamba nditakhala pampando ndinawafunsa kuti buku latsopano la malamulo oyendetsera dziko lili kuti.

"Linabwera limodzi lokha ku boma, bwana, ndipo linatsekeredwa m'kabati," anatero. "Koma ndinakakhalako masiku awiri n'kukopera pamanja mutu wonse wa maufulu. Ndi uwu."

Anandipatsa kope la ana asukulu lodzaza mpaka pachikuto. Ndinaliyang'ana, ndinawayang'ana iwo, ndipo ndikuvomera kuti chimene ndinamva sichinali chimwemwe chokha. Munali ndi kamantha.

1996: Kalata ya ku Blantyre

Chaka chimenechi bungwe lathu la oweruza milandu m'chigawo cha kummwera linayamba kutulutsa kanyuzipepala ka masamba asanu ndi atatu, kamodzi pa miyezi itatu. Ife a kumidzi tinkangoti kalata ya ku Blantyre. Munkakhala nkhani za amene akwezedwa, amene asamutsidwa, amene atisiya, masemina amene akubwera, ndipo chakumapeto zigamulo za Khoti Lalikulu zowongola zolakwa za makhoti aang'ono ngati lathu. Inkatipeza mochedwa, nthawi zina ndi miyezi iwiri, itayenda pa matola pakati pa madengu a matemba, moti usanaitsegule unkayamba wamva fungo la ku Chilwa. Ine ndinkawerenga tsamba la osamutsidwa ndi la maliro, basi. Zotsalazo ankawerenga Mayi Namaona. Ankasoka makalatawo pamodzi ndi ulusi wa thumba la feteleza, n'kuikira chikuto cha katoni ya sopo, ndipo m'mphepete ankalemba ndi pensulo m'Chichewa: "Uyu analakwa pa belo." "Uyu sanafunse woimbidwa mlandu ngati ali ndi mboni." Ndikamapita ku semina ankandipempha chinthu chimodzi, kuti mapepala onse amene atigawire ndisakulungire nsomba, ndibwere nawo.

Sanandiwongolepo pagulu ngakhale tsiku limodzi. Tinali ndi chizindikiro chathu chimene sitinapangane n'komwe. Ndikayamba kusochera mkati mwa mlandu, ankagoneka pensulo yawo mopingasa pamwamba pa fayilo. Ine ndikaona choncho ndinkati, "Khoti lipuma kaye mphindi khumi." Tikalowa mu ofesi ankatsegula buku lawo losoka lija n'kuloza ndi chala. Ndikukumbuka mlandu wa mayi wina amene anamenya mnzake pa mjigo. Ndinatsala pang'ono kumukaniza belo chifukwa wapolisi ananena choncho.

"Bwana, masiku ano safunsa kuti timutulutsirenji," anatero motsitsa mawu. "Amafunsa kuti timusungirenji. Wapolisi uja wapereka chifukwa?"

"Wanena kuti akufufuzabe."

"Onani apa. Ajaji akuti mawu amenewo paokha si chifukwa."

Ndinabwerera m'khoti n'kupereka belo ndi nkhope ya munthu amene waganiza yekha.

Zigamulo nazo ndinkalemba m'Chingerezi chosakaniza ndi Chichewa, iwo n'kuzitaipa m'Chingerezi choyera, ndime za malamulo zili m'malo mwake. Bwana wathu wa ku boma anali a Mtambo, majisitireti wa giredi yoyamba, munthu wamtali wosakonda kuseka, amene ankatha kubweza fayilo yonse chifukwa cha tsiku lolembedwa molakwika. Pa semina ina ku Blantyre anandiimiritsa pamaso pa anzanga n'kunena kuti, "Mukafuna kuona chigamulo cholembedwa bwino, pitani kwa a Kadzuwa. Khoti lodontha, koma mafayilo oyera." Anthu anaomba m'manja. Ndinaweramitsa mutu ngati wodzichepetsa, ndipo dzina la Mayi Namaona silinatuluke pakamwa panga. Pobwerera ndinawagulira buledi.

1999: Fomu

Phalombe atamupatula kukhala boma palokha, milandu inachuluka koma antchito ayi. Kulemba anthu atsopano kunali kutaimitsidwa. M'kalata ya ku Blantyre ya chaka chimenecho munatuluka chidziwitso chakuti kukuyamba kosi ya zamalamulo ya zaka ziwiri, ya antchito a m'makhoti amene ali ndi satifiketi ya Fomu 4 ndipo sanapitirire zaka 35. Okhoza adzakhala oweruza, pa giredi yoposa yanga. Gawo lomaliza la fomu linali loti alembe mkulu wa khoti, kuyankha ngati khotilo lingamulole munthuyo kuchoka kwa zaka ziwiri, podziwa kuti wolowa m'malo sadzatumizidwa. Mayi Namaona anali ndi zaka 34, ndipo kosiyo ankati idzalemba anthu ena pakadzatha zaka ziwirizo.

Anabwera nayo fomuyo Lolemba m'mawa atalemba kale mbali yawo yonse, ataiika pakati pa makatoni awiri kuti isakwinyike.

"Bwana, iyi ndi basi yomaliza kwa ine," anatero. "Ikandisiya, zaka zindikana."

"Nanga ana?"

"Achemwali anga kwa Kaduya avomera kuwasunga."

"Nanga khoti?"

"Aphunzitsi opuma aja a pafupi ndi msika amamva Chilomwe ndi Chingerezi chomwe. Mutawapempha a Mtambo, akhoza kuwalumbiritsa kuti azimasulira masiku a milandu. Mafayilo ndikusiyirani ali m'malo."

Anali ataganizira zonse. "Siyani pompo, ndiona," ndinatero.

Fomuyo inakhala m'dirowa yanga masiku asanu ndi anayi. Ndikufuna mumvetse bwino, ana anga, kuti chifukwa chomveka ndinali nacho. Popanda womasulira milandu ikanaima, ndipo anthu a pa rimandi akanavutikira m'chitokosi kudikira. Nditapita ku boma, a Mtambo anati, "Munthu wina ndilibe, a Kadzuwa. Mukawalola, mudzasenza nokha. Mukakana, palibe adzakudzudzulani. Zili kwa inu." Za aphunzitsi opuma aja sindinawauze n'komwe. Sindinawauze popeza pansi pa chifukwa chomvekacho panali china chimene ndinkachita nacho manyazi ngakhale kuchiganiza. Mayiwa akanachoka, fayilo yoyamba kufika ku boma ikanaulula kuti Chingerezi chija sichinali changa. Ndipo patapita zaka ziwiri akanabwerera ali pamwamba panga, ine n'kumaimirira iwo akamalowa, munthu amene ankanditsukira kapu ya tiyi.

Amayi anu ndinawauza chifukwa choyamba chokha, tikupala chinangwa cha makaka kuseri kwa nyumba. Sanasiye kupala. "Abambo a Tiyamike," anatero, "khoti limenelo linalipo mayiwo asanabadwe. Inu simukuopera khoti ayi." Ndinapsa mtima n'kuwauza kuti za ku ntchito sazidziwa.

Tsiku lomaliza ndinalemba mizere iwiri ndi dzanja langa, kuti khoti silingathe kumulola munthuyu kuchoka pakali pano. Ndinadinda chidindo, ndinamata envulopu, ndinakaipereka ndekha ku boma. Pobwera ndinawapeza akundidikira pakhonde.

"Yapita, bwana?"

"Yapita. Ndalemba zoyenera."

Anaomba m'manja atapinda maondo. Loweruka anabwera kunyumba ndi dengu la mpunga wa kwawo, ndipo inu munadya osadziwa kanthu. Miyezi itatu yotsatira anakonza mafayilo onse, n'kundilembera m'Chichewa ndime zofunika kuti ndizidzaonera iwo kulibe. Kalata ya ku Blantyre itabwera ndi mayina a osankhidwa, anawerenga tsambalo kawiri ali chiimire. Kenaka anati, "Kaya, mwina Chingerezi changa chawachepera," n'kukhala pansi kuyamba kutaipa. Ine ndinati, "Pepani, ndi mmene zimakhalira."

2000: Njinga ya a Nahache

Chinsinsi cha mu ofesi sichigona nthawi yaitali. Chaka chotsatira kunali semina ya makalaliki ku Blantyre. Mayi wina amene anakhala nawo posankha anthu a kosi ija atamva dzina lawo anawagwira dzanja n'kuti, "Ndinu a Namaona? Tinakufunani kwabasi, koma bwana wanu anakana." Atabwerako anagwira ntchito tsiku lonse. Anthu atabalalika anatseka chitseko cha ofesi, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Bwana, munandiuza kuti mwalemba zoyenera."

"Mayi Namaona, khoti likanavutika. Anthu a pa rimandi aja..."

"Mukanandiuza pamaso. Ndikanalira, n'kupukuta misozi, n'kupitiriza ntchito. Koma munangondiyang'ana ndikusamutsa ana kusukulu, ndikusoketsa madiresi, ndipo mpunga wanga munalandira."

Anatsegula chitseko n'kumapita.

Kuyambira tsiku limenelo ankagwira ntchito yawo ndendende, osachepetsa, osawonjezera. Ankafika nthawi yake, ankamasulira liwu ndi liwu, ankataipa chimene ndalemba monga ndalembera, ndi zolakwika zomwe. Buku losoka lija analisiya pa tebulo langa, koma kunyada kunandiletsa kulitsegula iwo akuona. Pensulo sinagonenso pa fayilo.

Mvula itatsala pang'ono kugwa, apolisi anabweretsa bambo wina wa kwa Nazombe, dzina lake Luwisi Nahache, wochokera ku Mozambique, amene anakwatira kumeneko nthawi ya nkhondo. Ankamuimba mlandu woba njinga pakhomo pa munthu wina. Tsikulo milandu inali yambiri, kunja kunkatentha, ndipo wapolisi woimira boma ankafuna kupeza matola a masana. Mlandu utawerengedwa, a Nahache analankhula nthawi yaitali m'Chilomwe, akuloza chakum'mawa. Mayi Namaona anamasulira momveka, ndipo mawuwo ndikuwakumbukabe: "Akuti inde, njingayo anaitenga. Koma akuti ndi ya malemu mchimwene wawo, anabwera nayo limodzi kuchokera kwawo, ndipo alamu a malemuwo ndiwo anaikaniza pa maliro."

Lamulo pamenepa ndi losavuta, ndipo linali litalembedwapo kangapo m'kalata ya ku Blantyre. Munthu akati "ndinatenga, koma ndi yathu," sanavomere kuba. Woweruza amayenera kulemba kuti wakana mlandu, n'kuitana mboni. Ine ndinangomva "inde" n'kuthamangira kulemba kuti wavomera. Ndikukumbuka kuti ndinaponya diso pa tebulo la kalaliki monga mwa chizolowezi. Pensulo inali m'manja mwawo, itaima. Ndinagamula miyezi isanu ndi inayi kundende. Pomwe ankatuluka nawo, a Nahache anatembenuka n'kukuwa mawu ena m'Chilomwe, akuyang'ana Mayi Namaona. Nditafunsa kuti akuti chiyani, mayiwo anati, "Si za mlandu, bwana."

2001: Tsamba lachisanu ndi chiwiri

Fayilo inapita ku Khoti Lalikulu kuti ikaunikidwe, monga zinkakhalira ndi zigamulo za ndende, ndipo inakafola pa mzere wautali. Pomwe jaji ankaiwerenga n'kulamula kuti munthuyo atulutsidwe msanga, a Nahache anali atakhala kale miyezi isanu ndi umodzi. Anatuluka anzawo akukolola. Munda wawo unali thengo, ndipo anabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiye.

Kalata ya ku Blantyre yotsatira inaika mlanduwo pa tsamba lachisanu ndi chiwiri, ngati phunziro kwa oweruza onse. Dzina langa sanalembe, anangoti khoti lina la ku Phalombe, koma kodi makhoti ku Phalombe analipo angati? Anandibweretsera ndi Mayi Namaona. Anatsegula pa tsambalo n'kuyala patsogolo panga. Ndinkayembekeza kuona kunyogodola pankhope pawo, koma maso awo anali ofiira.

"Ndinaona pomwe munkalakwa," anatero. "Dzanja linafuna kugoneka pensulo, ine n'kuliletsa. Mumtima ndinati, amveko mmene zimakhalira popanda ine. Koma amene anamva si inu, bwana. Anamva ndi bambo aja."

"Cholakwa ndi changa, Mayi Namaona. Wogamula ndine."

"Chanu ndi chanu. Ine ndikunena changa."

Kumapeto kwa chaka anasiya ntchito. A Mtambo, aja anandiuza kuti munthu wina alibe, anatumiza kalaliki pasanathe mwezi. Anamupeza ku khoti lina komwe analipo awiri. Ine anandiitana ku boma, anayala mafayilo anga akale ndi atsopano pa tebulo, n'kungofunsa kuti, "A Kadzuwa, olemba awa ndi munthu mmodzi?" Sanadikire yankho. Ananditumiza ku kosi ya mwezi ndi theka yokumbutsa oweruza ntchito. Kumeneko ndinkakhala kutsogolo, ndikufunsa mafunso ngati mwana wa Sitandade 1, ndipo ndi pomwe ndinayamba kuwerenga kalata ya ku Blantyre kuchokera tsamba loyamba mpaka lomaliza. Zaka zotsalazo ndinalemba zigamulo zanga ndekha, m'Chingerezi chotsimphina, ndipo palibe anandiomberanso m'manja. M'kalata momwemo ndinkaona mayina a aja anapita ku kosi ya zaka ziwiri akukwezedwa mmodzimmodzi. Wina anadzakhala bwana wanga.

2008: Kwa Kaduya ndi kwa Nazombe

Nditapuma pa ntchito, tisanasamukire ku Ntcheu, ndinapalasa njinga kupita kwa Kaduya. Ndinawapeza Mayi Namaona pansi pa mtengo wa mango akupeta mpendadzuwa. Ankalima, ankagulitsa nandolo pa nyengo yake, ndipo amayi a m'mudzimo ankabwera kwa iwo kudzalembetsa makalata a milandu ya minda. Imvi zinali zitayamba. Anandipatsa mpando, anafunsa za amayi anu ndi za inu mmodzimmodzi. Kenaka ndinanena chimene ndinadzera, zonse, ndi chifukwa chachiwiri chija chomwe.

"Chimenecho ndinkachidziwa kale," anatero akupetabe. "Ndimangofuna kuona ngati mudzachinene ndi pakamwa panu. Nanga kwa a Nahache munapitako?"

"Ayi."

"Ndiye mwayambira kolakwika. Ine ndinataya kosi. Iwo anataya mapapo."

M'mawa mwake ndinapita kwa Nazombe. Ndinafunsira makomo anayi ndisanapeze nyumba yawo, yofolera ndi udzu, kumapeto kwa munda wa chinangwa. A Nahache anali pakhonde akuluka lichero, owonda, akutsokomola pafupipafupi. Chichewa anali atachiphunzira kundende. Anandizindikira ndisanatsike n'komwe pa njinga, komabe anaitana akazi awo kuti andipatse mpando. Ndinawauza kuti ndabwera kudzapepesa pa chigamulo chija.

"Inu mulibe mlandu, bwana," anatero. "Inu Chilomwe simumva. Munagamula zimene munauzidwa. Wondipha ine ndi mayi uja. Ine ndinanena kuti njinga ndi ya mbale wanga, iye anakuuzani theka. Mlomwe mnzanga! Tsiku lomwe lija ndinamuuza pamaso kuti wandigulitsa, ndipo nditatuluka ndinauza aliyense, kutchalitchi, kumsika, mpaka kwawo kwa Kaduya uthenga unafika."

Apa ndi pomwe ndinadziwa chimene chinawachotsa Mayi Namaona pa ntchito. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti anachoka chifukwa chodana nane. Koma munthu angamasulire bwanji m'khoti pomwe a mtundu wake akunong'onezana kuti amameza mawu a anthu? Anazimva zonsezo, ndipo sanadziyeretse, ngakhale kundiuza ine.

Mpata wothawira unalipo. Bamboyo anali atandichotsera yekha mlandu, ine ndinangofunika kugwedeza mutu n'kutsanzika. Koma sindinatero.

"A Nahache, mayi aja anandiuza zonse. Za achimwene anu, za maliro, za alamu. Sanasiye liwu ngakhale limodzi."

"Zonse?"

"Zonse."

"Ndiye inu munamva?"

"Ndinamva. Koma ndinathamanga, ndipo lamulo sindinkalidziwa bwino."

Anaika lichero pansi. Anatsokomola mpaka misozi. Akazi awo, amene ankamvera ali pakhomo, analowa m'nyumba. Mthunzi unasuntha n'kutisiya padzuwa. Kenaka anawaitana akaziwo m'Chilomwe, ndipo ndinamva kuthamangitsana kuseri kwa nyumba. Anabwera ndi nkhuku yathadzi yamawangamawanga, ataimanga miyendo ndi luzi.

"Iyi si yanu," anatero a Nahache. "Ine miyendo yokafika kwa Kaduya ndilibenso. Mukawapatse mayi aja. Mukawauze kuti Lamulungu ndiimirira kutchalitchi ndibweze mawu anga. Inu pitani bwino." Dzanja sanandipatse.

Ndinaimangirira pa kaliyala n'kupalasa kudutsa m'chigwa, dzuwa likuswa mtengo. Nditafika ndinafotokoza zonse ndili chiimire. Mayi Namaona anamasula luzi, anaisisita nkhukuyo pamsana, anaimwetsa madzi m'kambale. Sanalire. Anangondifunsa ngati bamboyo akumwa mankhwala a chifuwacho, ndipo ndinati sindinafunse.

"Simunafunse," anatero, osati mokalipa. Anaisiya nkhukuyo pansi n'kuiyang'ana ikuthawira m'chinangwa. "Chabwino. Ndipitako ndekha Lachisanu. Inu kazipitani, bwana, dzuwa lisanalowe. Kwanu n'kutali."

Ndinadzamva kuti anapitadi Lachisanulo, ndipo kuti ndi iwo anawaperekeza a Nahache kuchipatala. Ine sindinawaonenso onse awiri.